Malata a Bambo Ake

Eyakoni, makina oziziritsa m'chipinda mwa mwana wanga, inafa m'mawa, ine ndikuchapa mashiti ake kubafa. Sindinamve kuphulika kulikonse. Makina ake a panja ankalira usana ndi usiku kuseri kwa nyumba mpaka khutu linawazolowera, ndiye atangoti zii ndinaima ndi manja a sopo, ndikudabwa kuti chasintha n'chiyani.

“Amayi!” anaitana. “Chazima chija.”

Mwanayo ndi wamkazi, wamkulu ndithu, woti akanakhala ali pakhomo pake. Kuno timamutchula kuti Abwana, dzina limene bambo ake anamupatsa ali kamwana chifukwa ankalamula aliyense, ngakhale mlendo ankamuuza pokhala. Ankagwira ntchito kophika buledi. Tsiku lina uvuni ya gasi inaphulika iye ataima pafupi, moto n'kumugwira khosi, chifuwa, mikono, kuzungulira mpaka kumsana. Madokotala anamupulumutsa. Anasenda khungu la m'miyendo n'kumata ponse pamene panapsa. Koma khungu lomata silituluka thukuta. Ine ndi inu kukatentha timanyowa, kamphepo kakatikhudza thupi limazizira. Iye ayi. Kutentha kukamulowa kumakhala momwemo ngati mumphika wovundikira, kenako mutu, kenako kusanza, kenako kukomoka.

Anagona miyezi yambiri m'wodi ya anthu opsa, momwe anthu amalira akamawasintha mabandeji. Chakumapeto anasiya kulankhula, anasiya kudya, ankangoyang'ana khoma. Adokotala anatilola kumutenga chifukwa anzake a kuntchito anasonkherana n'kumuikira eyakoni kuchipinda. Adokotalawo anandijambulira kamzere kofiira pa choyezera kutentha kwa thupi, n'kundiuza mosapita m'mbali kuti chikadzadutsa pamenepo n'kukana kutsika, ndimubweze tsiku lomwelo. Tili m'galimoto pobwera kunyumba, mwana uja anatsegula pakamwa koyamba.

“Mukadzandibwezera muja,” anatero, “musadzavutike kubwera kudzanditenga.”

Ndiye mukumvetsa chifukwa chimene ndinasiyira mashiti m'beseni n'kuthamanga.

Ndinadina rimoti, osayankha. Ndinachotsa mabatire a mu wailesi n'kuika mu rimoti, chimodzimodzi. Pakhonde ndinapeza swichi ya magetsi a eyakoni itagwa. Nditaikweza, makina a m'chipinda anatsegula kachitseko kake n'kuyamba kuuzira mpweya wofunda ngati wa m'kamwa mwa munthu. Kuseri kwa khoma kunamveka kung'ung'udza kwa kanthawi, kenako khethe, swichi ija n'kugwanso.

Nthawi imeneyo dzuwa linali lisanafike pamutu koma khoma la kukhitchini linkawotcha kale dzanja. Sabata yonse imeneyo phula la mumsewu linkamata masilipasi, agalu ankagona pansi pa magalimoto malilime ali panja, ndipo a pawailesi ankangobwereza kuti mvula ili kutali.

Bambo ake anali m'tulo. Ndi mlonda wa usiku kumalo osungira katundu, amafika m'mawa, kusamba, n'kugona ngati chipika. Ndinawagwedeza phewa.

“Dzukani inu. Eyakoni yafa.”

“Aba?” Anadzuka ndi mawu amenewo, dzanja lili kale pa kiyi amene amamumangirira m'khosi.

“Ndati yafa. Sindinati aba.”

Kiyi ameneyo ndimufotokoze. Kutentha kutangoyamba, akuba anadula mapaipi a kopa pa eyakoni ya malo ometera tsitsi a pakona pathu, n'kunyamula ndi makina a panja omwe. Bambo ake atamva anasowa tulo. Munthu amene ntchito yake ndi kudikira akuba amaona akuba paliponse. Anapempha tchuthi, anagula malata akale ndi matabwa, n'kuwamangira makina athu kanyumba: malata kumbali zonse, denga pamwamba, kachitseko kutsogolo ndi loko wamkulu ngati wa pageti ya kuntchito kwawo. Pansi anasiya kampata kongokwana dzanja, akuti kopumira. Kanyumbako anakapenta utoto wobiriwira. Ngakhale ine ndinati zili bwino, pakuti phokoso linachepa.

Chichitikireni ngoziyo, chimenecho ndicho chinthu chokha chimene anamuchitira mwana wawo ndi manja awo. M'chipinda mwake salowamo. Amaima pakhomo, maso ali pa simenti, n'kunena kuti, “Abwana mwadzuka?” Akayankhidwa amachoka. Si nkhanza. Ndinawapezapo kubafa akulira mpope uli wotsegula. Koma kulira sikusintha mashiti, ndipo mafuta opaka zipsera sadzipaka okha.

Ndinayamba kuimba mafoni. Wokonza woyamba sanayankhe. Wachiwiri anaseka, akuti mzere wake wafika sabata ya mawa. Wachitatu anati amakonza mafiriji okha. Nambala ina ndinaipeza kwa ometa tsitsi aja. Anayankha bambo wa mawu otopa, kumbuyo kwake kukumveka nyundo.

“Mayi, tauni yonse ikupsa. Aliyense akuti ake ndiye achangu.”

“Anga si a pabalaza owonerera mpira,” ndinatero. “Muli munthu wodwala. Thupi lake silituluka thukuta. Mukachedwa ndikamusiya kuchipatala.”

“Ndilongosolereni njira.”

Podikira ndinachita zimene anesi anandiphunzitsa. Ndinatseka makatani, ndinatulutsa fani yoimirira ya pabalaza n'kuiika pafupi ndi bedi. Ndinanyowetsa matawulo m'beseni n'kumuyala pamsana, pakhosi ndi m'khwapa. Ayisi yense wa mufiriji ndinamukulunga m'nsalu. Atatha ndinatenga paketi ya nyama youma ndi chisanu n'kumuika pansi pa bondo.

“Tsopano mukundichapa kapena mukundiphika?” anafunsa Abwana.

“Khala phee.”

“Kupsa ndinapsa kale. Kwangotsala kundithira mchere.”

“Ukatha kulongolola umwe madziwo.”

Anamwa. Nthabwala zake ndimazidziwa, zimachuluka akachita mantha. Maso ake ankangobwerera pa makina a pakhoma, omwe anali atatseka kachitseko kake ngati munthu wokana kuyankha.

“Akonza eti?”

“Ndiye ntchito yawo.”

“Sindinafunse za ntchito yawo.”

“Akonza,” ndinatero, ndikufinya thaulo.

Amisiri anafika masana pa njinga yamoto, chikwama cha zitsulo ndi kathanki ka gasi zitamangidwa kumbuyo. Anali bambo wachikulire ndithu, wa imvi m'mbali, woyenda motsimphina, shati itanyowa kumsana konse. Foni yawo inkalira osalekeza mpaka anaizimitsa. Analowa m'chipinda, anapereka moni kwa Abwana momuyang'ana kumaso bwinobwino, chimene alendo ambiri amalephera.

“Ndiye ndinu mwawononga makina anga?”

“Ndinangowayang'ana,” anatero Abwana. “Nkhope yangayi ndi yoopsa.”

“Aa, mukanaona ya apongozi anga. Imazimitsa ndi jenereta yomwe.”

Mwana anaseka, ine ndinapuma pang'ono. Amisiri anatsegula makina a pakhoma, anasolola tosefera fumbi n'kutiyang'ana pa kuwala.

“Toyera. Amatsuka ndani?”

“Ine.”

“Mukanakhala mukufuna ntchito ndikanakulembani. Muno mulibe vuto. Tiyeni panja.”

Kuseri tinapeza bambo ake ataima kale pafupi ndi kanyumba kawo, atavala shati ya kuntchito, kiyi ali m'manja. Amisiri anayang'ana uku ndi uku.

“Makina ali kuti, achikulire?”

“Ndi awa.”

“Umu? Ine ndimayesa muli nkhuku.”

“Nkhuku zake za kopa,” anatero bambo ake akumwetulira. “Pakona apa anawabera masana dzuwa likuswa mtengo. Pano ayese. Malata awa ndinakhoma ndekha, msomali uliwonse ndinaupinda mkati. Ngakhale ndi chitsulo sangakanule.”

“Mwamanga liti?”

“Kutentha kutangoyamba.”

“Ndiye nthawi yonseyi chitseko chimakhala chotseka?”

“Usana ndi usiku. Kiyi sachoka m'khosi mwanga.”

Anatsegula loko monyadira. Kachitseko katatseguka, mpweya umene unatuluka unandimenya kumaso ngati wa mu uvuni, pamodzi ndi fungo la mawaya opsa. Makina anali atazima kuyambira m'mawa koma mkatimo munali motentha chonchobe. Amisiri sanasekenso. Anagwira chitsulo ndi nsonga ya chala n'kuchotsa msanga. Anayang'ana malata a kumbuyo, anayang'ana a kutsogolo amene anali pafupi kwambiri ndi fani ya makinawo, anayang'ana kampata kopumira kaja. Kenako anagwada movutikira, bondo likulira, n'kuyamba kumasula masikulu.

“Tiyambe ndi zazing'ono,” anatero. “Mwina Mulungu atikomera mtima.”

Anatulutsa kachitini kofufuma pamutu. Akuti ndi kapasita, kamene kamakankha makina kuti adzuke, ndipo kutentha kumakapha kawirikawiri. Anali nako kena m'chikwama. Ndinaima pomwepo ndi thaulo lonyowa m'manja, ndikuwerengera kale kuti chipinda chizizira nthawi yanji. Analumikiza mawaya, anandituma kuti ndikakweze swichi, ndiyatsenso ndi rimoti.

Fani ya panja inazungulira. Ndinamva Abwana akukuwa m'chipinda kuti, “Chayaka!” Kenako kunabwera kung'ung'udza kuja, kolemera, ngati munthu akuyesa kunyamula chimene sangachithe. Khethe. Swichi inagwa.

Nditabwerera kuseri ndinapeza amisiri akugunditsa timawaya ta mita yawo pa chinthu chakuda chonga mtsuko chimene chili mkati mwa makina. Anayeza apa, anayeza apo, anabwerezanso. Ananunkhiza chala. Anakhala pa dothi n'kupukuta nkhope ndi shati.

“Achikulire, mungandipezereko madzi akumwa? Kukhosi kwauma.”

Bambo ake atalowa m'nyumba, amisiri anatsitsa mawu.

“Kompuresa yapsa, mayi. Ndi iyi yakudayi. Ndiyo mtima wake. Mawaya a mkati asungunuka, agundana ndi chitsulo, n'chifukwa swichi ikugwa.”

“Ikonzeni.”

“Sikonzedwa. Inawotchereredwa, satsegula. Amangochotsa n'kuika ina.”

“Ikani ina.”

“Ndikanakhala nayo bwenzi ndayamba kale.”

Anayatsa foni n'kuimbira anzawo. Ndinamva mayankho onse chifukwa foni yawo ndi yaphokoso. Wina anati zinatha sabata yatha. Wina anati ali nayo koma ya firiji. Wa kusitolo yaikulu anati katundu ali m'njira, ndipo amisiri atafunsa kuti njira yake iti, anaseka. Wogulitsa zitsulo zakale anati abwere adzafufuze yekha pa mulu, koma zambiri ndi zopsa ngati yathuyi.

“Nanga yatsopano yonse?” ndinafunsa.

“M'masitolo mwatsala zowonetsera zokha, nazonso zili ndi eni ake.” Anayang'ana pawindo la pabalaza, pamene mipando yathu yong'ambika imaonekera, ndipo za mtengo wake sanatchule. Inenso sindinafunse.

“Chaipsereza n'chiyani? Chaka sichinathe chiikireni.”

Anayang'ana kukhomo kuona ngati bambo ake akubwera.

“Makina a panjawa ntchito yake ndi kutaya kutentha. Amachotsa kutentha m'chipinda mwa mwana wanu n'kukulavulira kunja kuno. Ndiye amafuna mphepo, kutsogolo ndi kumbuyo. Mukawatsekera m'malata amalavula moto n'kuumezanso, kulavula n'kuumezanso, dzuwa nalo likuwotcha denga. Apirira ndithu. Ena sakanatha sabata.” Anagwira lata limodzi. “Ntchito yake ndi yaudongo, sindinama. Akanangoika waya wa sefa kapena zitsulo zotalikirana, bwenzi tikunena zina.”

Bambo ake anafika ndi jagi ndi kapu. “Mwapeza chiyani, amisiri?”

“Kompuresa, achikulire. Zimatha izi. Makina ndi makina.”

Ndinawasiya n'kulowa m'nyumba. Ndinali nditaganiza zotseka pakamwa. Madzi akatayika saoleka, ndipo kuwauza sikukanadzutsa kompuresa.

M'chipinda munali mutasintha. Fani inkangozunguza mpweya wotentha womwewo. Matawulo anali atafunda, ayisi atasanduka madzi, nyama ija itafewa n'kuyamba kudontha pa shiti. Abwana anali atagona chammbali, nkhope yofiira pamene pali khungu lake lenileni, milomo youma. Nthabwala zinali zitatha.

“Akuti chiyani?”

“Akufufuza chitsulo china. Kweza mkono.”

Ndinamuika choyezera m'khwapa n'kupita kukasintha madzi a m'beseni. Madzi a pampope nawo ankatuluka ofunda. Nditabwerako anandipatsa choyezeracho yekha. Chinali pansi pa kamzere kofiira, pansi kwambiri, ngati cha munthu amene wangotuluka m'madzi ozizira.

Ndinamugwira pamphumi. Ndinayang'ana kapu ya madzi imene inali pambali pa bedi.

“Wachiviika.”

“Ayi.”

“Ndakubala ine. Kweza mkono.”

“Amayi.”

“Kweza.”

Ulendo uno ndinakhala pomwepo nditamugwira chigongono. Sitinayang'anane. Nditachitulutsa chinali chitadutsa kamzere kaja.

“Chitsika,” anatero. “Mundithire madzi ena. Madzulo kuzizira.”

“Dzulo usiku kunazizira? Ine ndinagona pa simenti.”

“Ndiye mundipititse kwa azakhali.”

“Kwa azakhali ako kuli chiyani? Denga lawo ndi lotsika kuposa lathu.”

“Kusitolo yaikulu ija muli kozizira. Ndikakhala pa benchi.”

“Mpaka liti? Akamatseka ndikakubise m'firiji ya nkhuku?”

Sanaseke, ndipo inenso sindinanene kuti aseke. Zonsezo ndinali nditaziganiza kale ndikufinya matawulo. Ndinaganiza za ometa tsitsi, koma yawo inabedwa. Ndinaganiza za mayi wa nyumba ya mpanda amene ali nazo zitatu, amene sanandiyankhepo moni. Ngakhale akanalola, ukanakhala usiku umodzi, pamene kutentha kunali kwa masabata.

Ndinamukhazika pa mpando wa pulasitiki kubafa n'kumuthira madzi ndi kapu, pang'onopang'ono, kuyambira m'khosi. Ndinamukupiza ndi katoni mpaka mkono unachita dzanzi. Ndinayezanso. Sichinatsike. Pobwerera kuchipinda miyendo yake inagwedezeka, ndipo tisanafike pa bedi anasanza madzi onse amene anamwa.

Ndinapukuta. Ndinamugoneka. Ndinatenga foni n'kutuluka nayo panja kuti asandimve ndikuitana taxi.

Kuseri amisiri anali atabwezera zitsulo m'chikwama. Kapasita yawo yatsopano anaisiya momwemo, akuti ingadzathandize tsiku lina. Bambo ake anali akukankha kachitseko ka malata kuti katsekeke, loko ali m'manja.

“Mukutani?” ndinafunsa.

“Ndikutseka. Chafa, koma kopa akadalimo. Bola ife tili ndi choti amisiri adzakonze. Pakona paja anatsala ndi mabowo pakhoma.” Anandiyang'ana ngati akudikira kuti ndivomereze. “Kukhala kopanda kanyumba aka, bwenzi pano tikulira zina.”

M'manja mwanga munkanunkhabe masanzi a mwana wanga.

“Kanyumba kanuko ndi kamene kapha makinawa.”

“Mayi,” anatero amisiri.

“Ayi, amve. Mwawatsekera m'malata osapuma mpaka apsa. Akuba akanaba bwenzi titadziwa tsiku lomwelo, zitsulo zisanathe m'masitolo. Inu mwawaphika pang'onopang'ono ndi loko wanuyo. Mwana akubwerera kuchipatala lero. Mwamva? Lero.”

Bambo ake anatembenukira kwa amisiri. “N'zoona?”

Amisiri anayang'ana chikwama chawo. “Mphepo inkachepa, achikulire.”

“Ndinasiya mpata pansipa.”

“Munasiya. Unachepa.”

Anayang'ana loko m'manja mwawo ngati wina wangowapatsira. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kuti windo la Abwana lili pamwamba penipeni pa kanyumbako, ndipo ndinali nditalitsegula ndekha kuti mulowe mpweya.

“Adadi,” mawu anatuluka pawindopo, ofooka. “Adadi, bwerani.”

Anapita. Ine ndinatsala ndikuimba foni. Wa taxi anati ali pafupi. Ndinamufunsa ngati galimoto yake ili ndi eyakoni, anati mawindo onse amatsika. Amisiri anamangirira chikwama pa njinga. Ndinawafunsa za malipiro a ulendo wawo, anagwedeza mutu.

“Tidzakambirana ndikadzaipeza. Mawa ndikafufuza pa mulu paja. Ndiyesa, mayi.”

Mawu akuti ndiyesa ndawamva kwa madokotala, kwa abwana a kophika buledi, kwa aliyense. Ndimadziwa kulemera kwake. Ndinawathokozabe, chifukwa anabwera pamene ena anaseka.

Nditalowa ndinapeza bambo ake ataima pakhomo pa chipinda, malo awo a masiku onse, zala za kumapazi zili pamzere pamene simenti ya pabalaza imathera.

“Kanali kokongola,” Abwana ankawauza. “Ndinkakaona pawindo. Utoto wake munasankha bwino.”

“Abwana, ine ndimati...”

“Ndikudziwa. Auzeni amayi asandipititse.”

Bambo ake anandiyang'ana. Kanali koyamba tsiku limenelo kundiyang'ana m'maso.

“Mwina tidikire madzulo, mayi ake.”

“Mukufuna akomokere pano? Mudzamunyamula ndinu?”

Ndinatsitsa chikwama pamwamba pa kabati. Ndi chomwe chija tinabwera nacho, ndipo m'thumba lake la m'mbali munali mukadali sopo wa kuchipatala. Ndinaikamo madiresi ake opepuka, mafuta a zipsera, zovala zothina zimene amavala kuti khungu lisatupe, kapu, supuni, chaja ya foni. Iye ankandiyang'ana.

“Munati akonza.”

“Ndinatero.”

“Ndinakuuzani m'galimoto muja. Mukukumbukira?”

“Ndikukumbukira. Ukhoza kundida uli moyo. Dzuka.”

Taxi inaliza hutala panja. Abwana anayesa kudzuka koma miyendo inakana, anakhalanso pa bedi. Ndinamugwira m'khwapa, koma msana wanga unatha kalekale ndi mabeseni. Ndinatembenuka kuti ndikaitane wa taxi. Bambo ake anali atalowa. Anaima pakati pa chipinda manja ali lende, osadziwa pogwira.

“Osati pamkono,” ndinatero. “Dzanja limodzi pansi pa mawondo, lina kumsana, m'munsi. Musakoke khungu.”

Anamunyamula. Ndinaona nkhope yawo pamene anamva kupepuka kwake ndi kutentha kwake. Anayenda naye pang'onopang'ono pabalaza, pakhonde, mpaka pa msewu, ana a oyandikana nawo ataima pa mpanda kuyang'ana. Anamukhazika kumpando wa kumbuyo. Ine ndinamuyala thaulo lonyowa pakhosi.

“Ndikwere?” anafunsa bambo ake.

“Nanga nyumba? Ndiponso muli ndi ntchito usiku.”

Anatseka chitseko cha galimoto mosamala ngati chingasweke.

M'njira mpweya wolowa pawindo unali ngati wochokera pa mbaula. Ndinamuuza Abwana kuti ndi za masiku ochepa, kuti amisiri aja akuoneka munthu wa mawu ake, kuti mvula ikangogwa ndidzamutenga ngakhale kompuresa isanapezeke. Ndinamufunsa ngati akufuna madzi. Anatembenuzira nkhope kuwindo.

Kuchipatala anamulandira msanga, pakuti anesi a m'wodi ija amamudziwa. “Abwana abwera!” anatero mmodzi mwansangala, kenako anaona nkhope yake n'kusiya. Anamuika diripi, anamuzungulira ndi mapaketi ozizira. M'wodimo munali mozizira bwino. Fungo linali lomwe lija. Kuseri kwa katani mwana wina ankalira akumusintha mabandeji. Bedi limene anamupatsa linali loyang'anizana ndi lakale lija, la kukhoma.

Kutentha kwa thupi kunatsika dzuwa lisanalowe. Adokotala anati ndinachita bwino kubwera naye. Ndinafunsa kuti atuluka liti, anandifunsa kuti chipinda chizizira liti. Ndinamubweretsera tiyi ndi buledi, ndinaika pa kabati. Sanakhudze. Anali atatembenukira kale kukhoma, bondo litapindidwa, monga ankagonera kale.

“Ndikupita kukatenga pilo wako,” ndinatero. “Ndibwera m'mawa.”

Ndinadikira. Anesi anayamba kutulutsa alendo.

Ndinafika kunyumba kukuyamba kuda. Njinga ya bambo ake, imene amapitira kuntchito, inali ikadali pakhonde. Ndinazungulira kuseri. Kanyumba kanali katachoka. Malata anali atasanjidwa bwinobwino pambali pa khoma, matabwa pamwamba pake, misomali yowongoledwa ili m'chitini. Makina anaima poyera, mphepo ikuwapeza mbali zonse. Bambo ake anali atakhala pa mpando wa pulasitiki pafupi nawo, tochi ili pamwendo, chala chimodzi chitakulungidwa kansalu ka magazi.

“Wadya?” anafunsa.

“Ayi.”

“Walankhula?”

“Ayi. Kuntchito simupita?”

“Ndawauza kuti sindibwera.” Analoza makinawo ndi tochi. “Ali poyera tsopano. Amisiri akadzabwera ndi chitsulo chija apeze mapaipi alipo.”

Ndinafuna kuwauza kuti chitsulocho sichibwera mawa kapena mkuja, ndiponso kuti ntchito ikawathera tidzalondera makina akufa tonse awiri. Ndinali nditalankhula zokwanira tsiku limenelo. Ndinalowa m'nyumba. M'chipinda mwa Abwana fani inali ikuzungulirabe, ikukupiza bedi lopanda munthu, ndipo ndinaizimitsa. Nyama ija ndinaitaya. Kubafa ndinapeza mashiti ali momwe ndinawasiyira m'mawa, madzi atafunda, thovu litatha. Ndinakhuthula madziwo, ndinatsegula mpope, n'kuyambanso kuchapa.